Wamng'ono mu Ufumu Aposa Yohane

Pa Mateyo 11:11 Ambuye Yesu akuika Yohane Mbatizi pamwamba pa anthu onse obadwa, komabe pansi pa wamng'ono wa mu Ufumu. Nchifukwa ninji? Pano sakuyesa kulungama kwa munthu, koma nyengo yake. Yohane adaphedwa ndi Herode Antipa asanaone Mtanda kapena Pentekoste. Mkhristu walandira ubatizo wa Mzimu Woyera umene Yohane adangoulosera. Ukulu wotere ndi chaulere, si mphotho ayi. Nchifukwa chake Lumen Gentium ya 1964 idaphunzitsa kuti obatizidwa onse ali ndi ulemu umodzi.

Nanga ife ansembe, tikafika ku maesiteti a fodya ku Kasungu, timamuona bwanji tenanti womangika ndi ngongole amene wagwada kumbuyo m'tchalitchi? Tikamlambalala kuti tikalonjere mwini munda, tatenga muyeso umene Ambuye adaukana.