Dzina la Yabezi ndi Cimene Litiphunzitsa

Lero tikambirana za dzina limodzi la mwana wamwamuna limene silimveka kawirikawiri m'midzi yathu. Pa tsiku la ubatizo timamva a Petulo, a Yohane, a Yosefe ndi a Danieli, koma munthu angazungulire mipingo ingapo osapeza ngakhale Yabezi mmodzi.

Tasankha dzinali cifukwa ca funso limene limabvuta mitima ya ambiri pakati pathu. Kodi dzina la cisoni limene makolo anapatsa mwana lingamange moyo wake? Alipo a Mabvuto, a Masauso, a Misozi ndi a Masiye amene anauzidwa kuti zinthu siziwayendera cifukwa ca dzina lao. Nkhani ya Yabezi itithandiza kuyankha funso limeneli.

Dzinali ndi la Ciheberi, ndipo tilipeza m'Cipangano Cakale, m'buku la 1 Mbiri 4:9-10. Pa Cizungu amalemba Jabez. Mitu 9 yoyamba ya buku limeneli ndi mndandanda wa maina okhaokha: uje anabala uje, uje nabala uje. Ambiri a ife tikafika pamenepa timatembenuza masamba mofulumira. Koma Ayuda amene anabwerera kucoka ku ukapolo wa ku Babulo anali kusamala mndandanda umenewu, cifukwa unali kuwauza pfuko lao ndi dziko la makolo ao. Pakati pa maina a pfuko la Yuda, wolemba aima pang'ono nafotokoza za munthu mmodzi m'mavesi awiri cabe. Munthuyo ndi Yabezi. Atate wake sachulidwa, ana ake sachulidwanso. Kwina kumene dzinali lipezekanso ndi pa 1 Mbiri 2:55, ndipo pamenepo ndi dzina la mudzi umene munali kukhala mabanja a alembi.

Amene anamucha dzinali ndi amai ake, ndipo anapereka cifukwa cake: anamubala ndi zowawa. M'Ciheberi, dzina lakuti Yabezi limveka mofanana ndi liu lotanthauza ululu kapena cisoni. Zilembo zake ndi zomwezo, kungoti ziwiri zinasinthana malo. Aheberi anali kukonda kucha maina motere, kuti munthu akamva dzina akumbuke liu lina lofanana nalo. Liu la ululu limeneli ndi la muzu umodzi ndi lija lili pa Genesis 3:16, pamene Mulungu anauza Hava za zowawa za pobala. Conco aliyense woitana mnyamatayu anali kumva liu la ululu m'dzina lake. Kunena mwa kwathu kuno, Yabezi anali Mabvuto kapena Masauso wa m'nthawi imeneyo.

Mcitidwe wocha mwana dzina la zimene zinacitika pobadwa suli wacilendo m'Baibulo. Rakele pomwalira pa ubereki anacha mwana wake Benoni, ndiko kuti mwana wa cisoni canga, koma Yakobo anamucha Benjamini, mwana wa dzanja lamanja (Genesis 35:18). Mkazi wa Pinehasi, mpongozi wa wansembe Eli, anabala tsiku limene anamva kuti Afilisti alanda likasa la Mulungu ndi kuti mwamuna wake ndi apongozi ake afa. Mwanayo anamucha Ikabodi, pofuna kunena kuti ulemerero wacoka mu Israyeli (1 Samueli 4:21).

Ifenso timacita cimodzimodzi. Mcombo ukagwa, mai ndi khanda akatuluka m'cikuta, akuluakulu amacha dzina poyang'ana zimene banja lapitamo. Wobadwa m'caka ca njala kapena pa matenda aakulu amachedwa Mabvuto. Wobadwa atate ake atamwalira kale amachedwa Masiye. Wobadwa pambuyo pa ana amene anapita amachedwa Misozi. Makolo athu ambiri sanali kulemba, ndipo dzina la mwana linali buku lao losungiramo mbiri ya banja. Mai amene anacha mwana wake Masauso sanamutemberere iai. Anali kunena za tsiku limene iye mwini analira.

Tsono tiyeni tione cimene cinacitika ndi mnyamata uja. Cinthu coyamba cimene Malembo anena za iye ndi cakuti anali wolemekezeka kuposa abale ake. Maina a abale akewo sitiwadziwa, koma la iye wochedwa ululu tikuliwerenga kufikira lero. Caciwiri ndi cakuti anapemphera kwa Mulungu wa Israyeli, napempha zinthu zinai: kuti Mulungu amudalitse, kuti akuze malire a dziko lake, kuti dzanja la Mulungu likhale pa iye, ndi kuti amuteteze ku zoipa kuti asamve ululu. Liu lotsiriza la pempherolo ndi lomwe lija amai ake ananena pomucha dzina. Yabezi anadziwa bwino cimene dzina lake linali kunena, ndipo anatenga cinthu comweco napita naco kwa Mulungu. Nkhaniyo itha ndi mau akuti Mulungu anamupatsa zimene anapempha.

Apa tionepo cinthu cimodzi cacikulu. Mulungu anasintha maina a anthu ena. Abramu anakhala Abrahamu, Yakobo anakhala Israyeli, ndipo Ambuye Yesu anacha Simoni kuti Petulo. Koma dzina la Yabezi silinasinthidwe. Anadalitsidwa ali Yabezi yemweyo, analemekezedwa ali Yabezi yemweyo. Cikanakhala kuti dzina la cisoni limatsekereza madalitso, Mulungu akanayamba wacotsa dzinalo asanayankhe pemphero lake.

Nanga dzinali linayenda bwanji m'dziko lapansi? Silinachukepo ngati Davide kapena Samueli, ndipo cifukwa cake ncosabvuta kuciona: nkhani yake ndi yaifupi, yobisika pakati pa mndandanda wa maina, ndiponso makolo ambiri safuna dzina lonena za ululu. Komabe ku England, Baibulo litafika m'manja mwa anthu wamba m'cinenero cao, Akhristu ochedwa Puritans a m'zaka za m'ma 1600 anayamba kufunafuna maina a ana ao m'Cipangano Cakale, ndipo Jabez linali limodzi la mainawo. Mmodzi wodziwika amene anali ndi dzinali ndi Jabez Bunting, wobadwira ku Manchester m'caka ca 1779, amene anamwalira m'caka ca 1858. Iye anali mtsogoleri wamkulu wa mpingo wa Methodist pambuyo pa John Wesley, anasankhidwa kanai kukhala pulezidenti wa msonkhano waukulu wa mpingowo, ndipo anagwira nchito zaka zambiri m'bungwe lao lotumiza amishonale. Pambuyo pake dzinali linazilala, lakhala losowa ngakhale kumaiko olankhula Cizungu.

Linamvekanso mwamphamvu m'caka ca 2000, pamene mlaliki wa ku America, Bruce Wilkinson, anatulutsa kabuku kochedwa The Prayer of Jabez. Kabukuko kanagulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo pemphero la Yabezi linafika m'maulaliki a maiko ambiri. Cinali cabwino kuti mavesi awiri oiwalika aja anawerengedwanso. Koma ena anayamba kulitenga pempherolo ngati mankhwala a cuma, kumati ukalibwereza tsiku ndi tsiku ng'ombe zidzadzaza khola. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Baibulo silinena kuti mau a Yabezi ali ndi mphamvu mwa iwo okha. Linena kuti munthu wosauka mtima anaitana Mulungu, ndipo Mulungu anamumva.

Za kukuza malire tinenepo pang'ono, popeza ife ndife alimi ndipo milandu ya minda siitha pa bwalo la amfumu. Yabezi anapempha malo okulirapo kwa Mwini dziko. Sanadzuke usiku kukazula cikhomo ca mnansi wake, kapena kulima mizere iwiri m'munda wa mai wamasiye. Cilamulo ca Mose ciletsa kusuntha malire a mnansi, monga tiwerenga pa Deuteronomo 19:14 ndi 27:17. Amene apemphera pemphero la Yabezi m'mawa, masana nalowerera m'munda wa mnzake, sanamve cimene akupempha.

Tsopano tilankhule ndi inu a Mabvuto, a Misozi, a Masiye, ndi nonse amene maina anu anabadwa pa tsiku la kulira. Mwina wina anakuuzani kuti ukwati wanu unatha, kapena mwana wanu adwaladwala, kapena cimanga canu sicibala, cifukwa ca dzina lanu, ndipo anati mubwere ndi mbuzi kapena ndalama kuti akumasuleni. Musagulitse mbuzi ya ana anu pa cifukwa cimeneco. A Madalitso naonso amadwala, a Cimwemwe naonso amaika maliro, ndipo cilala cikabwera sicifunsa dzina la mwini munda. Mwana akadwala mupite naye kucipatala, ndipo akulu a mpingo amupempherere kwaulere. Ngati mufuna kutenga dzina lina pa ubatizo, kapena kusintha lija linalembedwa pa reji potsata njira ya boma, palibe chimo m'menemo. Koma mucite mwa cimwemwe, osati mwa mantha. Ndipo ngati amai anu kapena ambuya anu akali moyo, khalani nao pansi muwafunse cimene cinacitika caka cimene munabadwa. Mwina mudzapeza kuti dzina limene mwakhala mukucita nalo manyazi ndi umboni wakuti mai wina anapirira zowawa kuti inu mukhale ndi moyo.

Kwa inu makolo ndi azigogo amene mukucha ana maina lero, tikupemphani cinthu cimodzi. Dzina lokumbutsa zimene banja linapitamo lilibe colakwa. Koma pali maina ena amene amachedwa pofuna kulasa mkazi mnzako, apongozi, kapena mnansi amene mukumuganizira zoipa. Mkangano wa akulu umatha, odanawo amadzadyera mbale imodzi, koma mwana amasenza dzinalo kusukulu, kunchito, kufikira ku ukalamba. Mwana asakhale mubvi woponyera adani anu. Ndipo ngati mwacha mwana dzina la cisoni, akakula mumuuze nkhani yake yonse, osasiya mbali ya mmene Mulungu anakutulutsirani m'cisonico.

Kodi Mkhristu angache mwana wake Yabezi? Angathe ndithu. Mai amene anabvutika pobala, napulumuka iye ndi khanda lake, akacha mwanayo Yabezi asunga zinthu ziwiri pamodzi: zowawa za tsikulo, ndi pemphero limene Mulungu anayankha. Ndi dzina losowa, conco mwanayo adzafunsidwa kawirikawiri tanthauzo lake, ndipo nthawi iriyonse adzakhala ndi mpata wofotokoza mavesi awiri aja.

Ambuye Yesu anauza ophunzira ake pa Luka 10:20 kuti cokondwera naco cacikulu ndi cakuti maina ao analembedwa kumwamba. Sananene kuti olembedwa ndi okhawo a maina okoma. M'sabata ino titsegule 1 Mbiri 4:9-10 m'nyumba zathu, tiwerengere ana athu, ndipo aliyense anene cimene dzina lake litanthauza ndi amene anamucha.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, mudziwa tsiku limene aliyense wa ife anabadwa ndi misozi imene inagwa tsiku limenelo. Tikuyamikani cifukwa ca amai athu amene anatibala ndi zowawa. Cotsani mantha m'mitima ya onse amene aopa maina ao, ndipo mupatse nzeru makolo amene akuyembekezera kucha ana ao. Dzanja lanu likhale pa mabanja athu ndi pa minda yathu. Tipempha m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.