Chingwe Chimene Chinasintha Fakitale ya ku Fremont

Ntchito ikayamba kuonongeka pamalo, akuluakulu amafulumira kunena kuti antchito awo ndi aulesi, ndipo kuti mankhwala ake ndi kuwachotsa ndi kulemba ena. Mwezi uno tifuna kusimbira awerengi athu nkhani ya fakitale ya galimoto ya mumzinda wa Fremont, ku California m'dziko la America, imene ikutsutsa maganizo otere.

Fakitaleyi inali ya kampani ya General Motors, ndipo inatsekedwa m'chaka cha 1982 itatchuka ndi mbiri yoipa. Pa antchito 100 alionse, pafupifupi 20 ankajomba. Ena ankamwa mowa pantchito pomwepo, ndipo ena, pofuna kukhaulitsa mabwana, ankasiya mabotolo m'kati mwa zitseko za galimoto kuti zizikasokosera wogula. Koma tisafulumire kuweruza. Lamulo lalikulu m'fakitalemo linali lakuti lamba wonyamula galimoto zimene zikumangidwa asaime konse. Munthu akaona kuti chitsulo chamangidwa mokhota, analibe mphamvu yoimitsa ntchito. Cholakwacho chinkapitirira ndi kukwiririka pansi pa zitsulo zina. Akapitao ankayamikiridwa chifukwa cha kuchuluka kwa galimoto zotuluka, kaya zikhale zabwino kaya zolemala. Munthu amene waonetsedwa kwa zaka zambiri kuti maso ake ndi nzeru zake nzosafunika, potsiriza amaleka kusamala.

M'chaka cha 1984 General Motors inagwirizana ndi kampani ya Toyota ya ku Japan kutsegulanso fakitaleyi pansi pa dzina lakuti NUMMI, ndipo kayendetsedwe ka ntchito kanapatsidwa kwa a Toyota. Bungwe la antchito linaumirira kuti alembedwe anthu akale omwe aja. A Toyota anavomera, kotero kuti ambiri mwa olembedwa, pafupifupi 85 pa 100 alionse, anali omwewo amene ankatchedwa osachiritsika. Mazana angapo a iwo anatumizidwa ku fakitale ya Takaoka ku Japan kuti akagwire ntchito kwa masabata ochepa limodzi ndi anzao a kumeneko.

Chimene chinawadabwitsa koposa chinali chingwe cholendewera pamwamba pa malo a wantchito aliyense, chimene ku Japan amachitcha andon. Munthu akaona vuto ankakoka chingwecho, nyali nkuyaka, kanyimbo nkumveka, ndipo mtsogoleri wa kagulu kake ankathamangira pomwepo kudzathandiza. Vuto likakanika kukonzeka msanga, lamba yense ankaima. Tangoganizani, awerengi okondedwa: mphamvu imene kale inali ya mabwana okha, tsopano inali m'dzanja la munthu womanga mateyala. Ndipo wokoka chingwe sankakalipiridwa. Funso linali lakuti chalakwika nchiyani ndipo tingachikonze bwanji, mmalo mwa kufufuza wolakwa kuti alangidwe. Ife tikuona kuti chinsinsi chonse chinagona pa mphindi imeneyi, pamene mtsogoleri afika kwa munthu amene waulula cholakwa. Akafika ndi nkhope yaukali, mawa lake palibe adzakokanso chingwe.

Panalinso zina zooneka zazing'ono. Mabwana ndi antchito anayamba kudyera m'chipinda chimodzi ndi kuimika galimoto zao pamalo amodzi. Izi pazokha sizikadasintha kanthu, pakuti kudyera pamodzi ndi bwana wosasunga mau sikukhutitsa munthu. Chachikulu chinali lonjezo lolembedwa m'pangano, lakuti kampani sidzachotsa antchito pokhapokha itafika pangozi yeniyeni, ndipo isanatero idzayamba yadula malipiro a akuluakulu. Lonjezoli linayesedwa m'chaka cha 1988 pamene malonda anatsika kwambiri. Palibe amene anachotsedwa. Osowa chochita anatumizidwa kumaphunziro ndi kuntchito yokonza kagwiridwe ka ntchito.

Galimoto yoyamba, ya mtundu wa Chevrolet Nova, inatuluka mu December 1984. Pasanapite zaka zambiri, ubwino wa galimoto za ku Fremont unayandikira wa za ku Takaoka, ndipo ojomba anatsika kufika pa 2 kapena 3 pa 100 alionse. Bambo John Shook, Mmereka amene ankagwira ntchito ku Toyota nathandiza pa maphunziro aja, analemba pambuyo pake kuti iwo sanayambe ndi kusintha maganizo a anthu. Anayamba ndi kusintha zimene anthu amachita tsiku ndi tsiku, maganizo nkutsata pambuyo.

Chomvetsa chisoni nchakuti General Motors inavutika kufalitsa phunziroli m'mafakitale ake ena. Mabwana ambiri anabwera kudzaona, natengera zooneka ndi maso, koma kwao anapitiriza kuyesa akapitao ndi chiwerengero cha galimoto. Ku fakitale ya Van Nuys, ku California komweko, anayesa njira yatsopanoyi popanda kukhulupirirana pakati pa mabwana ndi antchito. Sinamere mizu, ndipo fakitaleyo inatsekedwa mu 1992. General Motors itagwa m'ngongole inatuluka mu NUMMI m'chaka cha 2009. Fakitale ya ku Fremont inatsekedwa mu April 2010 itapanga galimoto pafupifupi 8 miliyoni, ndipo nyumba zake zinagulidwa ndi kampani ya Tesla.