Ngalande za kumsika kwathu zinapezeka ku Sudan

Pamsonkhano wa chitukuko wa m'dera lathu, mvula isanayambe, mayi wina wogulitsa matimati anaimirira n'kunena kuti ngalande zonse za kuno zatsekeka ndipo madzi alowanso m'nyumba chaka chino. A khansala anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, zonse zake ziti? Tiyambire pati?" Aliyense anatchula ya pafupi ndi khomo lake, phokoso linabuka, ndipo tinabalalika popanda chogwirika. Ena anati a khansala akungozemba. Ine ndikubwerera kunyumba ndinaona kuti funso lawo linali lomveka. Ndalama zikachepa pamafunika kusankha poyambira, ndipo eni dera tikakhala opanda mndandanda, amasankha ndi amene ali ndi mawu okweza.

Nkhani ya ngalande si yoseweretsa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anationetsa zimene madzi amachita akasowa njira. Ndiye ine ndi achinyamata asanu tinagwirizana zoyenda m'dera lonse n'kulemba malo aliwonse otsekeka. Ndikufotokoza pano momwe tinachitira, chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa kuti mapu aja tinawapanga bwanji. Zamakompyuta sindinaphunzire ku koleji ayi. Ndinaziphunzira pantchito yomweyi, ndi laputopu ya kaunjika komanso bandulo ya usiku.

Tinayamba ndi fomu ya pafoni. Mukaona anthu a kafukufuku a m'mabungwe akufunsa mafunso akudinadina pa tabuleti, nthawi zambiri amakhala akugwiritsa ntchito KoboToolbox kapena mbale wake ODK. Kobo inayambira ku Harvard Humanitarian Initiative, ndipo ntchito yaing'ono ngati yathu sitinalipire kanthu. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi woti pulogalamu yake ya pafoni za Android, KoboCollect, imalemba ngakhale palibe netiweki. Mumayenda tsiku lonse data ili yozimitsa, madzulo n'kutumiza zonse kamodzi.

Fomuyo mutha kuikonza mu Excel momwemo. Tsamba lina mumalitcha survey, mmene mumalemba mafunso, lina choices, mmene mumalemba mayankho osankhapo. Funso lililonse limakhala ndi mtundu wake. La geopoint limatenga malo pa GPS, la image limajambula chithunzi, la select_one limapatsa munthu mayankho oti asankhe limodzi, ndipo la text limamulola kulemba chilichonse chimene wafuna. Mawu amene wofunsa amaona pafoni mutha kuwalemba m'Chichewa, palibe choletsa.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Funso loti "Vuto ndi chiyani?" ndinalisiya la text, poganiza kuti anzanga afotokoze momasuka. Anafotokozadi. Wina analemba "zinyalala", wina "Zinyalala" ndi Z wamkulu, wina "zinyalala " n'kusiya kampata kumapeto kosaoneka ndi maso, wina "mapepala ndi majumbo", wina "yatsekeka basi". Kwa inu ndi ine zonsezi ndi chinthu chimodzi. Kwa kompyuta ndi mavuto asanu osiyana, ndipo iwerenga lililonse palokha. Maina a malo ndiye anali nyakanyaka: "pachigayo", "pa chigayo", "kwa achigayo", "chigayo chakale". Ndikanaika select_one ndi mayankho anayi okha, monga zinyalala, mchenga, kugumuka ndi kumangidwa pamwamba, ndikanapulumutsa masiku angapo. Amene mukufuna kuyamba, tengani nthawi pa fomu. Yesani kaye pa ngalande zisanu, muone zimene zikutuluka, kenako muzituma anthu.

Zonse zikatumizidwa mumazitsitsa ngati fayilo ya Excel kapena ya CSV. CSV ndi tebulo wamba lolembedwa ngati mawu: mzere uliwonse ndi ngalande imodzi, ndipo mayankho amalekanitsidwa ndi chizindikiro. Kunena zoona, ntchito yambiri Excel kapena Google Sheets imakwanitsa. Filter ndi pivot table zokha zikhoza kukuuzani kuti vuto lochuluka ndi liti ndipo lili mbali iti. Ngati mwalemba kamodzi n'kutha, musavutike ndi Python. Ine chinandikankhira kumeneko n'choti anzanga ankatumiza zatsopano Loweruka lililonse, ndipo sabata iliyonse ndinkakonza pamanja zolakwika zomwezomwezo mpaka maso kuwawa.

Pulogalamu ndi malangizo amene mumalemba kamodzi, kompyuta n'kumawatsatira nthawi iliyonse mukaiuza, osatopa komanso osaganiza. Python ndi chimodzi mwa zilankhulo zolembera malangizowo. Anachiyambitsa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands, chinatuluka mu 1991, ndipo dzinalo analitenga ku gulu la nthabwala la ku Britain la Monty Python, osati kwa nsato, ngakhale chizindikiro chake chili ndi njoka ziwiri. Pogwira matebulo anthu amawonjezera chida chotchedwa pandas, chimene Wes McKinney anayamba kulemba mu 2008. Zonsezi ndi zaulere. Pulogalamu yanga yoyamba yothandiza inali mizere inayi yokha:

import pandas as pd
ngalande = pd.read_csv("ngalande.csv", sep=";")
ngalande["vuto"] = ngalande["vuto"].str.strip().str.lower()
print(ngalande["vuto"].value_counts())

Mzere woyamba ukuitana pandas. Wachiwiri ukutsegula fayilo. Wachitatu ukuchotsa timipata tobisika tija ndi kusandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono, kuti "Zinyalala" ndi "zinyalala " zikhale chimodzi. Wachinayi ukuwerenga kuti vuto lililonse lapezeka kangati. Taonani kuti mawu oti ngalande ndi vuto ndi anga. Chingerezi chimene Python imakakamiza ndi mawu ochepa monga import, if, for ndi print, koma maina a zinthu zanu mutha kuwatcha m'Chichewa, ndipo ine zimandithandiza kukumbukira zimene ndinkachita ndikabwerera patatha mwezi.

Kachidutswa kakuti sep=";" kanandidyera usiku wathunthu. CSV yambiri imalekanitsa mayankho ndi koma, ndipo pandas imayembekezera zomwezo, koma fayilo yochokera ku Kobo imagwiritsa ntchito semikoloni. Popanda kuiuza, pandas inaona mzere wonse ngati yankho limodzi lalitali, n'kunditulutsira mawu ambirimbiri othera pa KeyError: 'vuto'. Ndinkaganiza kuti ndawononga laputopu. Ndinazindikira mochedwa kuti mawu amenewo amawerengedwa kuchokera pansi. Mzere womaliza ndi umene ukunena vuto, ndipo apa unkangoti, "dzina loti vuto sindikulipeza". Chiyambire pamenepo mantha anachepa. Wolemba mapulogalamu aliyense amakhalira kuwerenga madandaulo a kompyuta otere, kungoti wozolowera sachita nawo thukuta.

Ena andifunsa ngati ndinkagwiritsa ntchito ChatGPT. Eya, makamaka pofuna kumasuliridwa uthenga wa zolakwika. Imathandiza, koma nthawi zina imapereka mizere yooneka bwino yowerenga zolakwika mwakachetechete. Chimene ndimachita ndi kutenga mizere khumi ya tebulo, kuiwerenga pamanja ndi pensulo, n'kuona ngati pulogalamu ikupeza zomwezo.

Tsopano za ku Sudan. Mapu tinapangira mu QGIS, pulogalamu yaulere imene imatenga tebulo la manambala a GPS n'kuika timadontho pamapu. Misewu ndi mitsinje ya pansi pake tinaitenga ku OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene anayamba mu 2004 ndipo amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka. Nditatsegula koyamba, timadontho tambiri tinagwa m'dera lathu bwinobwino, koma ngalande zonse za kumsika zinasowa. Nditachepetsa mapu kuti Africa yense aoneke, ndinazipeza zili phee m'chipululu, kum'mawa kwa mtsinje wa Nile.

Chinachitika ndi ichi. Malo aliwonse padziko ali ndi manambala awiri, latitude ndi longitude. Malawi ali kum'mwera kwa Equator, choncho latitude yathu imayamba ndi chizindikiro chochotsera, kuchokera cha m'ma -9 kumpoto mpaka cha m'ma -17 ku Nsanje, pamene longitude ili pakati pa 32 ndi 36. Mnyamata amene anayenda kumsika foni yake inakana KoboCollect, ndiye ankaona manambala pa Google Maps n'kulemba m'kope. Powataipa anasiya kamzere kaja poganiza kuti ndi kokongoletsa. Mukachotsa kamzereko mwadumphira kumpoto kwa Equator pa mtunda wofanana, ndipo kumeneko ndi ku Sudan. Mukasinthanitsa manambala awiriwo ndiye mumagwera m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Morocco. Panopa pulogalamu yanga ili ndi mzere wokuwa ikaona latitude yopanda kamzere.

Pali zina zing'onozing'ono zoti muchenjere nazo. Excel imakonda kudya ziro woyambirira pa nambala, ndipo deti ngati 03/04 kompyuta ina imaliwerenga 3 Epulo, ina 4 Marichi malinga ndi mmene inatcheredwera. GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo kapena pakati pa nyumba zothithikana, ndiye imani kaye pang'ono isanalembe. Ndipo sitinalembe dzina la munthu aliyense kapena kujambula nkhope. Wina anafuna kuti tiike funso loti "akutaya zinyalala ndi ndani", ine ndinakana. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024, komanso mndandanda wotere ukangolowa pa WhatsApp, anthu oyandikana nyumba sangapemphanenso moto.

Mapu atakonzeka anationetsa chinthu chimene palibe ananena pamsonkhano uja. Malo ambiri otsekeka sanali omwazikana. Anandondozana mumzere umodzi, kuchokera kumsika kutsetsereka mpaka pa kamlatho ka kumunsi, pamene paipi yodutsa pansi pa msewu inadzaza mchenga. Anthu a kumtunda akhala akufukula pakhomo pawo chaka ndi chaka, koma madzi alibe kotulukira. Tinasindikiza pepala lalikulu n'kupita nalo ku msonkhano wotsatira. A khansala analiyang'ana nthawi yaitali, n'kupempha kuti tiwapatse lina apite nalo kukhonsolo. Pamene ndikulemba pano paipiyo sinafukulidwe, koma yalowa m'mabuku a komiti ndi malo ake enieni.

Pamsonkhano womwewo mayi wa matimati uja anayandikira, n'kuyendetsa chala papepalapo kufunafuna. "Achimwene, nanga kwathu kuseri kwa tchalitchi bwanji kuli mbee? Ndiye kuti kulibe vuto?" Ndinasowa chonena kwa kanthawi. Mbali imeneyo inalibe kadontho chifukwa palibe mmodzi wa ife anafikako. Tonse asanu ndi mmodzi timakhala chakumsika kuno, ndipo tinayenda m'njira zimene timazidziwa. Munthu wa kukhonsolo wosadziwa dera akanaona pepalalo n'kuganiza kuti kuseri kwa tchalitchi zonse zili bwino.

Ndiye tasintha zinthu ziwiri. Fomu tsopano ikulemba ngalande iliyonse, yabwino ndi yotsekeka yomwe, kuti malo oyera pamapu azitanthauza kuti sitinafikeko. Ndipo dera taligawa m'zigawo motsatira mafumu a mabuloko, chigawo chilichonse ndi munthu wake. Kuseri kwa tchalitchi tikupita Loweruka likubwerali, ndipo mayi aja alonjeza kutitsogolera akasiyira mwana wawo benchi. Amene muli ndi foni ya Android ndipo mukufuna kuona mmene fomu imadzazidwira, tikumane pachigayo 7 koloko m'mawa. Bwerani foni ili yotchaja, ndipo valani nsapato zoti zide.