Funso la mayeso nalo liziyesedwa

Ophunzira ambiri akalakwa mayeso kusukulu yaukachenjede, timafulumira kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Koma ndi angati amene amafunsa ngati mafunsowo adali olongosoka?

Kusekondale, mayeso a JCE ndi MSCE amakonzedwa ndi bungwe la Maneb ndipo pepala limakhala limodzi dziko lonse. Ku Unima, Mzuni, Luanar, Must, Mubas ndi Kuhes n'kosiyana. Nthawi zambiri amene waphunzitsa phunzirolo ndi yemwenso amakonza mafunso n'kuchonga. Mutu umodzi susenza denga, choncho pepala liyenera kudutsa m'manja mwa ena lisanalembedwe.

Kuunikaku kumayambira m'dipatimenti. Aphunzitsi anzake amaona ngati mafunso akukhudza mitu yonse ya silabasi, ngati Chingerezi chake n'chomveka, ngati malikisi akugwirizana ndi kukula kwa ntchito, komanso ngati nthawi ikukwana. Kenako katswiri wochokera kusukulu ina amaunikanso pepalalo pamodzi ndi mayankho ake.

Palinso nkhani ya kuzama kwa funso. Mu 1956, Benjamin Bloom ndi anzake ku America adasanja luso la kuganiza m'magawo 6, kuyambira kukumbukira chabe mpaka kuweruza nkhani ndi zifukwa zake. Pepala lodzaza ndi "tchulani" limangoyesa kuloweza. Namwino amene adakhoza moloweza adzatani wodwala akabwera ndi zizindikiro zosiyana ndi za m'buku?

Ngakhale mayeso atatha, funso lingathe kuyesedwa. Pa ophunzira 100, akatswiri amatenga 27 amene akhoza bwino kwambiri ndi 27 a kumchira. Ngati a kumchira ndiwo akhoza funso lina kuposa anzawowo, ndiye kuti pali vuto: mwina funsolo lili ndi mayankho awiri, kapena yankho la wochonga ndi lolakwika. Funso lotere lisabwerezedwe lisanakonzedwe.

Bungwe la NCHE, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limavomereza sukulu zaukachenjede ndi maphunziro ake. Pamene makoleji omwe si aboma akuchuluka, akuluakulu a bungweli asamangowerenga mipando ndi mabuku. Aziitanitsanso mapepala a mayeso akale ndi malipoti a owaunika.

Kuno kumudzi makolo amagulitsa chimanga, soya ngakhale mbuzi kuti mwana apeze fizi. Mlimi aliyense amadziwa kuwawa kwa sikelo yobera. Mayeso ndiye sikelo ya mwana wakeyo, ndipo funso limodzi lopotoka lingathe kumubwezetsa chaka kapena kumuchotsetsa sukulu.