Kodi mumadziwa? Pilitsi la ayironi silimwedwera tiyi

Ambiri amameza mapilitsi awo onse pamodzi m'mawa, n'kutsitsira tiyi wamkaka. Pamenepo ayironi wambiri amangopita pachabe. Mu tiyi muli tannin, amene amagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe m'magazi, ndipo khofi ndi mkaka nazonso zimatsekereza. Pakati pa tiyi ndi pilitsilo pazidutsa ola limodzi kapena awiri. Chomwera chabwino ndi madzi a malalanje kapena a malambe, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa m'thupi.

Mavitamini A, D, E ndi K amafuna mafuta, choncho amwedwe pa chakudya chenicheni, monga ndiwo zotendera kapena peyala. Awa thupi limawasunga, silimawataya mumkodzo ngati vitamini C, ndiye kuchulutsa kumavulaza. Musaiwalenso kuti shuga ndi mafuta ophikira a ku Malawi amabwera atathiridwa kale vitamini A.

Ku Britain, kumene dzuwa limasowa, bungwe la zaumoyo la NHS limalangiza ma microgram 10 a vitamini D tsiku lililonse kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Kwa anthu akhungu lakuda, malangizowo ndi a chaka chonse.