Kulera: piritsi la pangozi silidikira tsiku la msika

Amayi ndi abambo, kulera ndi kwaulere m'zipatala za boma, kaya ku Mandimba, ku Massangulo m'boma la Ngauma, kapena ku Cuamba. Mukafika, funsani kumene amacita planeamento familiar.

Posankha njira, ganizirani kutalika kwa ulendo. Mapiritsi mumamwa tsiku lililonse. Jakisoni ndi wa miyezi 3. Implante, kaja amaika pansi pa khungu la mkono, kamagwira nchito zaka 3 kapena 5. Ngati kwanu ndi kutali, ndipo m'dzinja mtsinje umatseka njira, ine ndingati implante ndi yabwinopo. Koma kondomu yokha ndiyo imatetezanso ku HIV.

Nanga kondomu ikaphulika, kapena mwagonana popanda njira iliyonse? Pali piritsi la pangozi. Imwani msanga, pasanathe masiku 3. Mpaka tsiku lacisanu lingathandizebe, koma mphamvu yake imacepa. Mwaonatu, ngozi ikacitika Lacisanu usiku, nyamukani Loweruka m'mawa. Musadikire tsiku la msika.

Piritsili silicotsa mimba ayi. Limangocedwetsa dzira kuti lisakumane ndi umuna. Mukasanza pasanathe maola 2, bwererani mukamwe lina. Msambo ukacedwa kuposa sabata, kayezetseni.

Wogwiriridwa afike ku cipatala pasanathe maola 72. Kumeneko amapatsidwanso mankhwala oteteza ku HIV.

Atsikana ndi anyamata amene akuopa kukumana ndi azakhali pamzere, afunse khomo lolembedwa SAAJ. Limenelo ndi la acinyamata.