Nyama Yowotcha ndi Matenda a Shuga

Anthu ambiri akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, kapena kuti achepetse thupi, amafunsa kuti: "Kodi kanyenya ndisiyiretu?" Tiyeni tilione bwino funso limeneli.

Zakudya zimene zimakweza shuga m'magazi ndi zija zokhala ndi sitachi ndi shuga, zimene achipatala amazitcha makabohaidireti. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi buledi zili m'gulu limeneli. Zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi.

Nyama ya ng'ombe, mbuzi, nkhumba kapena nkhuku yowotcha ndi mchere wokha ilibe makabohaidireti. Muli zomanga thupi ndi mafuta basi. Chiwindi chokha ndicho chosiyanako: m'magalamu 100 a chiwindi cha ng'ombe mumapezeka magalamu 4 kapena 5, chifukwa ndimo nyama imasungiramo shuga wake ikadali yamoyo.

Nanga vuto lili pati? Lili m'zimene timapaka nyamayo ndi zimene timadyera.

1. Supuni yaikulu imodzi ya tomato sosi wa m'botolo ili ndi shuga pafupifupi magalamu 4, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi. Uchi wopaka nyama nawonso ndi shuga.

2. Masoseji ambiri amawasakaniza ndi ufa kapena nyenyeswa za buledi.

3. Chipisi cha pachiwaya cholemera magalamu 100 chili ndi makabohaidireti opitirira magalamu 30.

4. Botolo la mamililita 300 la zakumwa zotsekemera limatha kukhala ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono 7 kapena 8. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2015 kuti shuga wotere asafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya chakudya cha tsiku limodzi. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12.

Komabe tisaganize kuti tingadye nyama mmene tingafunire. Galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu yopitirira kawiri ya galamu imodzi ya shuga, choncho nyama yonona imanenepetsa. Mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi, matenda amene kawirikawiri amayendera limodzi ndi a shuga. Tichotse mafuta ndi khungu, tisapsereze nyama, ndipo tidyere masamba, tomato ndi anyezi. Madzi alowe m'malo mwa zotsekemera.

Chenjezo: amene mumabaya insulin kapena kumwa mankhwala a shuga musasiye nsima n'kumangodya nyama yokha. Shuga angatsike kwambiri, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, ngakhale kukomoka kumene. Kambiranani ndi achipatala musanasinthe kadyedwe.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa zikondwerero zathu, kodi timakonzako chakudya choyenera abale athu odwala shuga?

2. Tingawathandize bwanji popanda kuwachititsa manyazi?